Amalume Anati Ndikukaphunzira Uphunzitsi

Ku Kanyama, komboni yathu ya mu Lusaka, sukulu iliyonse imakhala ndi dzina la ntchito kumapeto kwake. Mwana akapita ku koleji, anthu safunsa zimene akuphunzira, amafunsa chimene adzakhale. Nesi, ticha, wapolisi, wamagetsi. Ukayankha ndi liwu limodzi lotere, anthu amagwedeza mutu, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndinasankha maphunziro opanda liwu lotere, ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, ana atatu, ndi benchi la salaula, zovala za kaunjika, pamsika. Ndinasankha digiri ya mbiri yakale, imene kwathu timangoti hisitole, yophunzira madzulo ndi Loweruka pa yunivesite ina ya m'tauni.

Chimene chinandikankha ndi maliro a mayi anga. Kutchalitchi kwathu, tisananyamuke kupita kumanda, munthu mmodzi amaimirira n'kuwerenga mbiri ya womwalira. Ya mayi anga inati anabadwira kummawa, anabwera ku Lusaka ali mtsikana, anakwatiwa, asiya ana ndi zidzukulu. Basi. Munthu amene anaphwanya miyala m'mbali mwa msewu mpaka zala kupindika kuti ife tipite kusukulu, amene anaona Kanyama akadali tchire ndi maenje, amene ankadziwa banja limene linayamba kumanga mumzere uliwonse wa nyumba, moyo wake unawerengedwa n'kutha madzi a tiyi asanawire. Ndinakhala pafupi ndi bokosi ndikunjenjemera, anthu n'kumati ndi chisoni. Unali mkwiyo. Kuyambira pamenepo ndinasanduka wovuta pamsika. Nkhalamba ikangoima kuti isankhe juzi, ine ndayamba kale kuifunsa kuti inafika liti kuno, malo anaipatsa ndani, madzi osefukirawa anayamba liti kutivutitsa. Kenako ndinalembanso mayeso amene ndinalephera ndili mtsikana, ndinakhoza, ndipo yunivesite inanditenga pa malo a anthu akuluakulu.

Amuna anga amawotcherera zitsulo, mageti ndi zotchingira mawindo. Ndi munthu wochedwa kulankhula, ndipo pa zaka zonse za ukwati wathu ine ndakhala ndikulankhulira tonse awiri. Nditawauza, sanakalipe.

"Manje ukasiliza uzankala chani?" anafunsa.

"Nizankala ine wamene uyu, koma oziba," ndinatero, ndikuyesa kuseka.

Iwo sanaseke. Anatuluka kupita kuzitsulo zawo. Ndinamva pambuyo pake kuti anzawo kumene amagwirira ntchito ankawafunsa funso lomwelo tsiku ndi tsiku, iwo n'kumasowa choyankha. Mapeto ake anakadandaula kwa mlongo wawo wamkulu wa ku Matero, ndipo kuuza alamu angawo nkhani kuli ngati kuiika pa sipika ya pamsika. Ndiwo analera amuna anga makolo atamwalira, choncho nyumba yathu amaiona ngati chipinda chakumbuyo cha nyumba yawo. Zimenezo ndinazidziwa ndikukwatiwa, ndipo wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Koma ulendo uno sanabwere kudzandikalipira okha monga mwa masiku onse. Anaitanitsa ankhoswe.

Uthenga unati adzakhala Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Lolemba lake ndilo linali tsiku lomaliza kulembetsa kuyunivesite.

Ife a kummawa, ngakhale tinabadwira m'komboni, ukwati timaumangabe pa ankhoswe, wina wakuchimuna, wina wakuchikazi. Nkhani ikafika kwa iwo, mwamuna ndi mkazi sayankhanso okha. Mumakhala pansi ngati katundu, ankhoswe n'kumakulankhulirani, ndipo chimene nkhoswe wako wanena ndicho wanena iwe. Kumutsutsa pamaso pa a mbali inayo ndi kumuvula. Ndinkadziwanso zigamulo zimene zinali kundidikira. Akanena kuti ndisiye sukulu, ine n'kumvera, malo anga apita. Ndikakana, andipereka kwa a kwathu kuti ndikalangizidwe, ndipo akazi a msinkhu wanga amene amapita kukalangizidwa si onse amene amabwerera.

Loweruka ndinatseka benchi msanga n'kukwera minibasi ya ku Chawama kwa amalume, mlongo wawo wa mayi anga, yekhayo amene anatsala. Ndiwo anandiimira pa ukwati wanga. Ndinawafotokozera zonse, za maliro, za mayeso, za zimene ndikukaphunzira. Anamvetsera mpaka kumapeto, akusisita bondo lawo lodwala.

"Ndamva, mwana wa mlongo wanga. Koma akandifunsa kuti udzakhala ndani, ndikayankhe chiyani?"

"Mukabauze chabe zoona, bamalume."

"Zoona zakozo zilibe pogwira," anatero. "Zisiye kwa ine. Iwe mawa pakamwapo utseke. Ndimakudziwa."

Amandidziwadi. Ndinalonjeza.

Lamlungu mvula inayamba tikadali m'tchalitchi. Pofika kunyumba bwalo linali litadzaza madzi, alendo n'kumadumpha pa mabuloko amene timayala kuchokera pageti mpaka pakhomo. Majombo anandandalika pakhonde. Ana tinawatumiza kwa aneba. Amuna atatu, ankhoswe awiri ndi amuna anga, anakhala pa sofa, ine pamphasa, miyendo yotambasula, chitenje chofika kumapazi, maso pansi. Alamu anayenera kukhala nane pamphasapo, koma anadzipezera kampando pafupi ndi amunawo.

Nkhoswe wakuchimuna ndi msuweni wawo wamkulu wa amuna anga, mkulu wa mpingo. Anatsegula ndi pemphero lalitali lopempha Mulungu kuti achotse mzimu wodzikuza m'mabanja a masiku ano. Pofika pa ameni, ine ndinali nditaweruzidwa kale kumwamba, kunangotsala pansi pano.

Kenako anayala milandu. Mkazi wapabanja kumatsika minibasi kutada, m'madzi ngati awa. Benchi kumatsekedwa Loweruka, tsiku limene anthu amagula. Maliro ndi maukwati a pachibale, zonse za Loweruka, banja lidzaimiridwa ndi ndani? Anamaliza ndi mwambi, akuti mapanga awiri avumbwitsa, munthu sangakhale wa nyumba n'kukhalanso wa sukulu.

Amalume anayankha bwino, ndisaname. Anati mwana wathu woyamba ndi wamkulu, amaphika kuposa mayi ake, ndipo pamenepo ngakhale alamu anamwetulira. Anati pali mayi wa mumzere mwathu amene amaweruka kuntchito m'tauni nthawi yomweyo, tizikwera limodzi. Benchi azigwira mnzanga. Maliro sasankha Loweruka lokha, ndipo pa maliro a pafupi ndidzajomba kusukulu ngati mmene aliyense amajombera kuntchito. Mlandu uliwonse ankaunyamula pang'onopang'ono n'kuuika pambali. Ndinayamba kupuma.

Pamenepo alamu anakoka kampando kawo. Pamwambo sanayenera kulankhula, koma mwambo umawaopa.

"Ivo vonse tamvela," anatero. "Ise tifuna kuziba chimozi chabe. Mulamu wanga akasiliza iyo sukulu, azankala chani?"

Amalume anatsokomola, anasisita bondo, anayang'ana kudenga.

"Ticha," anatero. "Mwana wathu akukaphunzira uphunzitsi."

Linali bodza. Koma nkhope zonse zinamasuka nthawi yomweyo. Mkulu wa mpingo anaseka n'kumenya ntchafu, akuti nanga bwanji osanena poyamba, tavutikiranji m'mvula muno. Alamu anawomba m'manja kawiri. Ndinaba diso kuyang'ana amuna anga, chifukwa iwo ankadziwa bwinobwino chimene ndinasankha. Anali atazolika, akuyang'ana zipsera za moto m'manja mwawo, ndipo sanatsegule pakamwa.

Ndinaganiza zokhala chete. Ndinati m'mtima, alekeni azinditcha ticha, mawa ndikalembetsa zanga, zam'tsogolo zidzaoneka m'tsogolo. Bodzalo linali lofunda, aliyense anali atalowamo kale, ndipo panali malo anga.

Koma alamu akakondwa amakhala oopsa kuposa akakwiya, chifukwa amayamba kuthandiza.

"Ngati ni uticha, nanga vamutauni usiku ni va chani?" anatero. "Kwatu kuli koleji ya maticha, bapunzila chabe pa holide masukulu yakavala. Bakazi ba bakulu ba paja tipempela nabo. Mailo kuseni nibwela, mulamu, tiyende tonse nikakulembese neka."

Mkulu wa mpingo anatambasula manja ngati munthu amene waona yankho la pemphero lake likulowa pakhomo. Kulibenso kuyenda kutada, kulibenso kutseka benchi Loweruka, maliro onse ndidzapezekapo. Anatembenukira kwa amalume n'kufunsa ngati a kuchikazi akuona choipa pamenepo.

Amalume anandiyang'ana kamodzi, mwachangu, n'kubweza maso. Akanakana ndi chifukwa chanji? Anali atanena okha kuti ndikufuna uphunzitsi, ndipo uphunzitsi ndi umenewu, wabwera mpaka pakhomo ndi woperekeza yemwe. Walira mvula walira matope.

"Palibe choipa," anatero.

Mkulu wa mpingo anayamba kukonza jekete kuti aimirire atseke ndi pemphero. Nkhani ya ankhoswe ikatsekedwa ndi ameni, yamangidwa, suimasulanso Lolemba m'mawa. Ndinagwada n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono, ndi kupempha kuti ndionane ndi ankhoswe anga panja. Chimenecho mwambo umalola.

Tinaima pakhonde, pakati pa majombo, madzi a padenga akutigwera kumapazi. Tinkanong'ona, chifukwa chitseko chathu n'chopyapyala.

"Bamalume, bwelelani mukakonze. Mwaziba kuti si uticha."

"Ndikanene kuti ndanama? Ine, ndi imvi izi, pamaso pa eni mwamuna?"

"Mukambe kuti simunamvesese. Nipaseni ine mulandu, mukambe kuti sininalongosole bwino."

"Ndakupulumutsira banja, iwe," anatero, chala chili pamphuno panga. "Unawaona mmene anakhalira tisanayambe? Anabwera kudzakupereka kwa ine ndi chikwama chako. Tsopano akukuwombera m'manja. Sukulu ukupita ndithu. Mabuku ndi mabuku."

"Si chimozimozi."

"Kwa ndani? Mayi ako anaphwanya miyala, ankasankha mwala?"

Pamenepo anandilasa, ndipo anadziwa. Anapumira m'mwamba, mawu awo n'kufewa pang'ono.

"Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Zako izi zikupota ine. Tamvera, ukakatsegula pakamwa m'katimo, ine sindinenso nkhoswe wako. Sindikukuopseza. Sindingadzakhalenso pamaso pa anthu awa."

Analowa. Ine ndinatsala pakhonde. Ndinkawakonda amalume, ndipo ndimawakondabe. Akaseka ndimamva mayi anga. Ndinayesa kudziona ndili m'kalasi la ana, choko m'manja, ntchito yabwino, yaulemu, imene akazi ambiri pamsika angaithamangire opanda nsapato. Sindinaipeze mwa ine. Ndinali nditadikira zaka zoposa makumi awiri kuti ndisankhe chinthu chimodzi ndekha, ndipo chinali kusinthidwa ndili pomwepo, ndi anthu ondifunira zabwino.

Ndinalowa n'kukhala pamphasa.

"Titseke?" anafunsa mkulu wa mpingo.

"Tsekani," anayankha amalume.

Onse anaweramitsa mitu n'kutsinzina. Mkulu wa mpingo anakoka mpweya.

"Si uticha," ndinatero.

Mawu anatuluka aang'ono, ngati a mwana, moti ndinabwereza. Maso onse anatseguka.

"Bamalume banikonda, ndiye chifukwa bakamba so. Koma vamene nasanka ni hisitole. Kulibe nchito yamene ningakulonjezeni kuti nizaipeza. Nifuna chabe kuipunzila. Ku koleji ya maticha sinizayenda, mulamu, olo mubwele kuseni."

Alamu anaphulika. Anati ndawaitanira m'mvula kudzawaseweretsa, anati banja lathu ndi la mabodza kuyambira akulu, anati sukulu sindinaiyambe n'komwe koma ndayamba kale kutsutsa ankhoswe, nanga ndikadzamaliza ndidzatsutsa ndani. Funso lomalizalo linali labwino, ndipo ndinaona kuti lawalowa amuna anga.

Amalume anaimirira osandiyang'ana. Anapita pakhomo n'kuyamba kuvala majombo. Limodzi linavuta chifukwa cha bondo lija, analimbana nalo nthawi yaitali, tonse tikuonerera msana wawo. Ndinafuna kukwawa kuti ndikawathandize, koma ndinadziwa kuti dzanja langa alikankha. Atatha anatembenuka, n'kulankhula kwa mkulu wa mpingo, osati kwa ine.

"Pepani pokutayirani nthawi. Wakuchikazi mupeze wina."

Tinawamva akudumpha pa mabuloko, kenako geti linalira.

Mkulu wa mpingo anangoti kakasi. Popanda nkhoswe wakuchikazi mlandu suweruzika, ndipo ngakhale akanafuna kundipereka kwathu, wondilandira anali atatuluka pageti. Anasowa poyang'ana, mpaka anachita chimene sichichitika, anafunsa mwini nyumba mwachindunji.

"Iwe, unali kuziba kuti si uticha?"

"Ninali kuziba," anayankha amuna anga.

"Nanga unankalila chani zii, ise tisekelela vaboza?"

Anatenga nthawi, monga mwa iwo.

"Ninafuna kuti vinkale voona."

Alamu anayamba kunena za chikwama, kuti ndilongedze ndikawapeze amalume angawo pa siteshoni asanakwere. Amuna anga anadzutsa mutu.

"Basisi, mvula yachepa. Yendani mukalibe kusoba basi."

Pa zaka zonse zimene ndakhala m'banja limeneli ndinali ndisanamvepo akuuza mlongo wawo kuti azipita. Alamu nawonso anali asanamvepo. Ananyamula kachikwama kawo n'kutuluka. Mkulu wa mpingo anawatsatira, ndipo nkhaniyo inatha popanda pemphero.

Tinatsala awiri, iwo pa sofa, ine pamphasa. Sindinasangalale. Ndinkadikira kuti tsopano ayambe, ndipo mayankho ndinali nawo okonzeka, a minibasi, a benchi, a Loweruka, ngakhale a ntchito. Ndinali nditawanola sabata yonse.

"Ine ninasiliza giledi naini," anatero. "Ukapunzila ivo vonse, uzayamba kukamba na ndani muno?"

Limenelo sindinalikonzekere. Sabata yonse ndinkaganiza kuti akuchita manyazi ndi anzawo, kapena akuopa mlongo wawo. Sindinaganizepo kuti munthu amene ndimamulankhulira tsiku lililonse akuopa kuti ndidzasiya.

"Na imwe," ndinayankha.

Ndinayankha msanga kwambiri, ndipo tonse awiri tinamva kuti ndafulumira. Anagwedeza mutu ngati mmene amachitira kasitomala akalonjeza kuti abweranso mawa.

"Tizaona," anatero, n'kupita kukatenga ana kwa aneba.

Lolemba ndinapita kukalembetsa ndekha. Sanandiletse, sanandiperekeze. Alamu sanabwere m'mawa umenewo, ndipo anatha nthawi yaitali osaponda pakhomo pathu.

Nyengo ya mvula itatha ndinanyamula nkhuku kupita ku Chawama kukapepesa. Akazi awo a amalume anailandira. Amalume anandipatsa moni, anafunsa za ana, anafunsa ngati madzi aphwa pabwalo. Nditagwada kuti ndiyambe, anakweza dzanja. Anati sanandikwiyire, ndidakali mwana wa mlongo wawo, pa matenda ndi pa maliro adzabwera, koma pa sofa ija sadzakhalaponso. Ndinalira njira yonse mpaka m'tauni, kondakitala n'kumandiyang'ana.

Nkhoswe wina sitinamupeze. Ndani angavomere kuimira mkazi amene anatsutsa nkhoswe wake anthu atatsinzina kale? Choncho mpaka lero banja lathu lilibe woliweruza. Timakangana ndithu, za Loweruka, za mabuku amene ndimasiya pa sofa, za masiku amene ndimafika nditatopa osafuna kumva za geti la munthu aliyense. Tikakangana palibe woti timuitane. Timatseka chitseko n'kulimbana nazo tokha, ine mothamanga, iwo mochedwa, ndipo ndaphunzira kudikira mpaka amalize chiganizo.

Tsopano ndili m'chaka chachitatu. Masiku ena ndimawauza zimene taphunzira, amamvetsera, nthawi zina amafunsa, nthawi zina amagona ndili pakati. Masiku ena ndimafika ndi chinthu chimene chandisangalatsa kwambiri m'kalasi, ndimachiyamba, ndimaona kutalika kwa njira yoti ndiwafikitse pamene ndili, n'kungoti, "Vinali bwino." Akamva yankho limenelo amangondiyang'ana. Funso lawo lija, loti ndizilankhula ndi ndani, sanalibwerezenso, ndipo ine sindinaliyankhebe moona.